Kabu Yopita kwa Apongozi

A Osvaldo, ogula ndi kugulitsa kachewere chakufupi ndi Fonte Boa, anali munthu wa zinthu ziwiri: mwambo ndi mpando. Za mwambozo ankazilalikira okha, pa bawo, kumaliro, ngakhale pa sikelo, moti anthu akawaona akukonza kukhosi ankadziwiratu kuti ziyamba zija zoti ana a masiku ano alibe ulemu. Za mpando sankanena, koma aliyense wolowa m'sala mwawo, chipinda chochezera chija, ankaziona yekha. Unali mpando wa khushoni yofiirira, wamikono yotakata, ndipo unkakhala pakona moyang'ana khomo. Mwana sankaukhudza. Mlendo, angakhale katekisita, ankalozeredwa wina.

Musawaseke msanga. Osvaldo anathawa nkhondo ali kamnyamata, mphasa ili pamutu, n'kukakulira kutsidya kwa malire, chaku Dedza, m'kanyumba kaudzu momwe ankagonamo iye, makolo ake, azichemwali ndi azakhali. Mmenemo munalibe poti apa ndi panga. Ukatuluka kukataya madzi, pobwera unkapeza pomwe unagona pali mwendo wa wina. Bambo ake ankaswera pa mwala panja, ndipo ankakonda kunena kuti tsiku lobwerera kumudzi adzakhoma mpando wawowawo. Anabwereradi nkhondo itatha, koma anapeza nyumba ili bwinja, munda utamera mitengo, ndipo anamwalira asanagule ndi msomali womwe.

Osvaldo anatsikira ku Kalomwe, pachipata cha malire, n'kuyamba kuolotsa matumba a anthu panjinga. Njingayo sankaikwera. Chishalo anachita kuchizula kuti pakwane thumba lina, ndipo unyamata wake wonse anautha akukankha, thukuta lili kamukamu pakati pa June. Kenaka anayamba kugula yekha kwa alimi a ku Domwe, anakwatira Arlete, anabereka ana aakazi awiri, Sílvia ndi Márcia, anaotcha njerwa, anakhoma malata. Tsiku lomwe anakagula mpando uja ku Ulongwe anaukweza pamwamba pa shapa, minibasi ya kumeneko, ndipo ulendo wonse dzanja lake linali panja pa zenera litagwira chingwe. Kuyambira pamenepo anakhala a Osvaldo.

Roteyadori, kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba, anaigula chifukwa cha malonda. Ogula a ku Tete ndi ku Beira anayamba kufuna zithunzi za kachewere pa watsapu asanatumize galimoto, pomwe kwawoko kunali kuchigwa, kumene foni payokha sigwira redi, netiweki ija, pokhapokha utakwera pachulu. Ndiye anagula kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri, kolowetsamo khadi ya foni, n'kukaimikira mlongoti padenga. Kabokosiko kankakoka redi kumwambako n'kumaimwaza m'nyumba. Anakaika pa shelefu pamwamba penipeni pa mpando wawo, poti zinthu zolemekezeka zimayenera kukhalira pamodzi.

Apongozi awo, a Nangozo, mayi ake a Arlete, anabwera amuna awo atamwalira ndipo miyendo itayamba kuvuta. Mwana wawo wamwamuna, Armando, anali ku Joni. A Osvaldo sanadikire kupemphedwa. Anawamangira dependensiya kuseri, kupitirira khitchini ndi khola la nkhumba, kanyumba kachipinda chimodzi, kakafupi, kokhala ndi getsi lake ndi mbaula yake. Anthu anawayamikira, ndipo iwo anaonetsetsa kuti woyamikira asasowe.

Tsono mwambo umene a Osvaldo ankaulalikira uja unanena momveka bwino za munthu ndi apongozi ake. Sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, sakhala m'chipinda chimodzi. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire n'kunjuta, moni n'kumapatsirana chapatali, maso ali pansi. Mabanja ambiri anazisiya kalekale zimenezi, ena mpaka amakwezana panjinga yamoto, apongozi atagwira mkamwini m'chiuno. A Osvaldo akaona zotere ankalavula. Kwawo zonse zinkayenda mwa dongosolo: iwo kumaso, a Nangozo kuseri, pakati nkhumba.

Anasokoneza zinthu ndi Armando. Anatumizira mayi ake foni yaikulu yoti aziona nkhope yake akamayankhulana. Redi ya m'sala inkadutsa khoma limodzi, lachiwiri n'kufooka, ndipo pofika pa khola la nkhumba inali itatheratu. Choncho tsiku lina madzulo, anthu atangodya, a Osvaldo ali phee mumpando mwawo, panamveka kutsokomola kwaulemu pakhomo la kuseri.

"Odi kuno."

Anali a Nangozo, foni ili m'manja. A Osvaldo anadzambatuka, natulukira khomo la kumaso. Ankayesa ndi za tsiku limodzi. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, koma mame awa sanakamuke. Madzulo alionse kutsokomola kuja kunkamveka, ndipo mwini nyumba ankatenga kazaku, jekete lochindikala, ndi chipewa chaubweya n'kukakhala pakhonde, pa thumba la kachewere, kunsi kwa zenera la sala. Amene anagonapo ku Angonia mwezi wa June akudziwa mphepo yomwe ndikunenayi. Imalowera ku miyendo ya buluku n'kukatulukira m'khosi.

Chowawa kwambiri chinali chakuti mpandowo sunkakhalidwa n'komwe. A Nangozo nawonso anali a mwambo. Ankayala kamphasa pafupi ndi khomo, kutali ndi mpando wa mkamwini, n'kutambalala pamenepo. Mpando unkangokhala wokha, mwini wake akuusuzumira pa mpata wa katani.

Kuyankhula ndi Armando sikunkatenga nthawi. Mayiyo ankamufunsa ngati wadya, n'kumukalipira chifukwa cha ndevu, basi. Zotsalazo zinali za mavidiyo. Adzukulu anawaonetsa a anthu akugwa panjinga, ndipo gogoyo sanafunenso china chilichonse pa dziko lapansi. Ankaseka mpaka kutsamwa, kenaka n'kukweza mawu ngati akuyankhula ndi munthu amene ali kumunda.

"Iwe Arlete, tawafunsa bambo a Sílvia. Ku Kalomwe kuja iwo sanagwepo chonchi ndi matumba?"

Arlete anali pomwepo, akusenda nyemba, ndipo sankavutika n'kutsegula pakamwa. Yankho linkabwera lokha kudzera pa zenera.

"Muwauze amayi kuti ine sindinagwepo. Inagwapo ndi njinga."

"Uwauze kuti njinga siigwa yokha."

Mwambo sunaphwanyidwe, poti palibe amene anayankhula ndi mnzake. Umu ndi mmene ankachezera madzulo alionse. A Nangozo ankafunsa mtengo wa thumba ku Tete, n'kunena kuti ogula a ku Beira ndi akathyali. Nawonso anali atathawira chaku Dedza komweko nthawi ya nkhondo, ndipo nkhani zakumeneko, zomwe Sílvia ndi Márcia ankayasamula zikangoyamba, iwo ankazilandira ndi manja awiri kuti azitsutse. Mkangano waukulu unali wa chakudya chomwe othawa nkhondo ankalandira. A Osvaldo ankati unayamba kubwera ndi ufa wachikasu, nandolo zosapsa zija zinabwera pambuyo. A Nangozo ankati ayi, nandolo ndiye zinayamba.

"Uwauze bambo a Sílvia kuti iwo nthawi imeneyo anali ndi mamina. Wophika ndinali ine."

"Muwauze amayi kuti pamzere wolandirira ndinkaima ndine."

Zonsezi a Osvaldo ankaziwerengera kumbali ya mavuto. Pogona ankadandaulira Arlete kuti munthu wakankha njinga unyamata wonse kuti adzakhale pa mpando, lero ali pa thumba ngati mlonda wa nyumba yake yomwe. Arlete ankangoti, "Nanga si mwambo, bambo a Sílvia? Ukakwatira kwa mphenzi suopa kung'anima." Kuwauza apongozi kuti asamabwere sikukanatheka. Kulowa n'kukhala nawo limodzi, ndiye pa bawo akanakaonetsa nkhope yanji?

Nzeru anakaipeza ku Ulongwe, pa kabenchi ka Rosário, wokonza mafoni pamsika. A Osvaldo sanatchule za apongozi. Anangoti akufuna redi ifike ku dependensiya, ndipo anafunsa ngati kugula roteyadori yachiwiri n'kukaiika kumeneko kungakwane, ziwirizo zizimvana zokha monga anthu a mudzi umodzi.

"Pa mtunda umenewo, ndi makoma a njerwa, sizingamvane, tiyu," anatero Rosário, kuwatchula malume mwa Chipwitikizi. "Pafunika kabu, waya wolumikiza ziwirizo. Ichoke kumbuyo kwa yaikuluyo, ikalowe kumbuyo kwa yachiwiri. Mugule yakuda, yapanja, muilowetse mu tubu, paipi ya pulasitiki ija, mukwirire pansi. Mukaiyanika m'mwamba ngati chingwe cha zovala, dzuwa ndi makoswe azigawana."

"Basi?"

"Chatsala chimodzi. Roteyadori iliyonse imafuna izikhala yogawa manambala kwa mafoni a m'nyumba. Zikamagawa zonse ziwiri, mafoni amabalalika, sadziwa womumvera. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Yachiwiriyo ndiitseka pakamwa, izingolandira kwa yaikulu n'kumamwaza. Dzina likhala lomwelo, senya, ndiye kuti pasiwedi, yomweyo. Munthu akachoka m'sala kupita kuseri, foni yake sidziwa n'komwe kuti yasamuka."

A Osvaldo anamuyang'ana Rosário ndi chikondi. Wamkulu mmodzi, winayo n'kumangolandira ali chete: chiphunzitso chotere anali asanachimve ngakhale kutchalitchi. Sananenerere n'komwe mtengo.

Ngalande anakumba okha. Inachokera kunsi kwa zenera la sala, kuzungulira nyumba, kudutsa pa khitchini, kulambalala khola la nkhumba, kupyola pansi pa mtengo wa mapichesi, mpaka pa khoma la dependensiya. Oyandikana nawo ankaima pampanda n'kumafunsa ngati akukoka madzi. "Ndikukokera amayi redi, asamavutike ndi kuyenda pa mphepo, miyendo ija," ankayankha a Osvaldo, ndipo mbiri inafika mpaka ku Fonte Boa kuti kuli mkamwini wina amene Mulungu anamuumba tsiku lopuma bwino.

Panatsala vuto limodzi: roteyadori yachiwiriyo inayenera kukhomedwa m'kati, ndipo mkamwini salowa m'nyumba ya apongozi eni ake alimo. Anadikira Lamulungu. A Nangozo atanyamuka ndi Arlete ndi ana kupita ku Misa, a Osvaldo, amene sankajomba kutchalitchi, anadwala mutu. Rosário anafika panjinga yamoto ndi choboolera. A Osvaldo anavula nsapato pakhomo, nalowa maso ali pansi, ngakhale munalibe woti n'kumuchitira manyazi kupatula korona yopachikidwa pa msomali. M'kanyumbamo munali mofunda, mbaula ikadali ndi phulusa lamoto, ndipo munkanunkhira mtedza wokazinga. Anazimva zimenezi, koma sanaziganizire. Maso awo anali pa timagetsi ta kabokosi, tomwe tinaphethira kenaka n'kuyaka tobiriwira.

Madzulo a tsiku limenelo Arlete anabwera ndi uthenga. "Amayi akuti zikomo kwambiri. Akuti mwawachita ulemu woti ngakhale mwana wobala yekha sangauganize."

Kutsokomola kuja sikunamveke. A Osvaldo anakhala mumpando mwawo, anatambasula miyendo, anaika mikono pa mikono ya mpando, nausa moyo wautali. Kunena zoona, tsiku limenelo anakondwa, ndipo ndani angawanene? Anakumbuka bambo awo pa mwala paja, misozi inalengeza.

Tsiku lotsatira Márcia anadzuka pa mphasa ndi foni yake n'kunena kuti akukawaonetsa agogo kavidiyo kena. Sanabwerere. Sílvia anapita kukamuitana, nayenso osabwerera. Mkuja mwake sanavutike n'kupereka chifukwa, anangotsuka mbale n'kulunjika kuseri. A Osvaldo atafunsa, Sílvia anati redi ya kwa agogo ndi yothamanga. Linali bodza lamkunkhuniza, poti redi yake inali yomweyo, yochokera pamwamba pa mutu wa bambo ake. Chomwe chinali kwa agogo ndi mbaula, mtedza, ndi munthu woseka mpaka kutsamwa. Sala ya a Osvaldo inali yaikulu, ya simenti pansi, malata pamwamba, yozizira ngati m'chipatala.

Arlete anapirira masiku angapo, akusenda nyemba moyang'anizana ndi amuna ake. Kenaka anati, "Ndikawasiyire amayi makala, ndikubwera." Makala amenewo anatenga madzulo onse, ndipo mawa lake anafunikanso ena.

A Osvaldo anatsala ndi mpando wawo, ndi sala yawo, ndi timagetsi tobiriwira. Panalibenso wowadzutsa. Ankatsegula foni, kuona mitengo ya ku Tete, kuitseka, kuitsegulanso, mitengo ili yomweyo. Kuseri kunkamveka phokoso la kuseka, koma lochepa, lodukaduka, loti sungadziwe chaseketsa anthu. Pakhonde paja ankamva liwu lililonse. Kuno ankangomva kuti kwinakwake anthu ali moyo. Ndipo kumeneko kunali kumalo kumodzi pa dziko lonse kumene iwo, mlaliki wa mwambo, sakanapondako. Tsiku lina anayesa kukaima pa khola ngati akuyendera nkhumba, koma nkhumbazo zinayesa abweretsa gaga, zinalira mpaka Arlete anasuzumira pakhomo kufunsa ngati kwabwera fisi.

Anasungulumwa. Mawu ake ndi amenewo, ngakhale iwo sakanawatchula ngakhale kwa wansembe.

Ndiye tsiku lina ku Kalomwe, akudikira galimoto ya ku Tete, anakumana ndi a Narciso, mkulu wina wosintha ndalama, amene nthawi ya nkhondo ija ankathandiza kugawa chakudya kwa othawa. A Osvaldo sanachedwe ndi moni wambiri. Anafunsa za ufa ndi nandolo.

"Ufa wachikasu ndiye unayamba," anatero a Narciso mosaganizira n'komwe. "Nandolo zinabwera mvula itagwa kale. Ndinkatsitsa matumba ake ndine."

A Osvaldo anabwerera kumudzi mtima ukudumpha ngati wa mwana amene wakhoza mayeso. Mboni! Atangofika anamuitana Arlete, namufotokozera zonse, dzina la munthuyo, ntchito yomwe ankagwira, mawu ake enieni, kuti akawauze amayi osasiyako kanthu. Arlete anapita atanyamula makala ake. Anabwerera nthawi yogona.

"Mwawauza?"

"Ndawauza."

"Ndiye ati bwanji?"

"Ati chabwino."

Chabwino! Mkangano wa miyezi yonse ija n'kuthera pa chabwino, wochita kutumizidwa ngati mchere wopempha. A Osvaldo anatembenukira kukhoma, koma tulo sitinabwere msanga.

Madzulo otsatira anadya monga mwa masiku onse. Mbale zitachotsedwa, ana analowera kwa agogo kuja, Arlete pambuyo pawo. A Osvaldo anakhala mumpando, akumvetsera mphepo ikuseweretsa lata lina lomwe linali litakhwefuka. Anakweza maso. Kabu yakuda ija inkachokera kumbuyo kwa kabokosi, n'kutsika ndi khoma, kudutsa pafupi ndi phewa lawo lamanja, kenaka n'kulowa pa bowo kupita panja. Anaitsatira ndi maso kukwera, anaitsatira kutsika. Anaimirira, natsina kamutu kake monga anaonera Rosário akuchitira, ndipo inatuluka mosavuta, ndi kaphokoso kakang'ono. Getsi limodzi linazima.

Kuseri kuseka kunaduka. Patapita kanthawi chitseko cha dependensiya chinalira, ndipo Arlete analowa m'sala akupukuta manja pa chitenje.

"Bambo a Sílvia, redi yathawa kuseriku."

"Ihii. Kapena ndi mfuko. Zimadula zinthu pansi pa nthaka zimene zija."

Arlete anayang'ana kabu yomwe inkalendewera kumbuyo kwa mpando. Anayang'ana amuna ake, amene anali atavala kale kazaku, mabatani onse otseka, chipewa chaubweya chitafika m'makutu.

"Mfuko yake ndi yochenjera," anatero. "Ndiye Rosário mumuitana liti?"

"Ndi wotanganidwa mwana ameneyo. Tiona mwezi wamawa."

Arlete anatuluka. A Osvaldo anamva mapazi ambiri akubwera chodutsa pa khola, ena othamanga, ena okoka pang'onopang'ono ndi ndodo. Sanadikire kutsokomola. Pomwe "odi kuno" ankamveka pakhomo la kuseri, iwo anali atakhala kale pa thumba lawo kunsi kwa zenera, manja ali m'khwapa. Mphepo inawalandira ngati m'bale wake.

M'katimo kamphasa kanayalidwa, Armando anafunsidwa ngati wadya, ndevu zinakalipiridwa. Wina anagwa panjinga, gogo anatsamwa. Kenaka mawu aja anakwera.

"Iwe Arlete. Narciso amene akunena bambo a Sílviayo, si uja wamfupi, wa mano otalikirana?"

"Muwauze amayi kuti ndi yemweyo," anayankha a Osvaldo msangamsanga, mawu akunjenjemera ndi chisanu. "Ndipo wati ufa ndiye unayamba. Matumba ankatsitsa yekha."

"Uwauze kuti ameneyo ndikumudziwa bwino. Ankaba mafuta ophikira n'kumakagulitsa ku Dedza. Munthu wotero angakhale mboni? Zinayamba ndi nandolo."

"Muwauze amayi kuti wakuba nayenso ali ndi maso."

"Uwafunse ngati kunjako kukuzizira."

"Muwauze kuti kukuzizira koopsa."

"Uwauze apirire. Nkhaniyi sitinaimalize."

Pa mpata wa katani mpando unkaoneka pakona pake, wopanda munthu, kabu ikulendewera kumbuyo kwake. A Osvaldo anauyang'ana kamodzi, anakokera chipewa m'makutu, nasendeza thumba lawo kufupi ndi zenera kuti amve bwino.